Mpeni wa ku Chifunde: kuchokera m'ng'anjo kufika pa sipuling'i ya lole

Msewu wochokera mumzinda wa Tete kupita kuchipata cha Cassacatiza, pamalire a Mozambique ndi Zambia, eni ake ndi malole. Amanyamuka kudoko la Beira atasenza feteleza ndi mafuta, kuwoloka Zambezi, kukwera zitunda za boma la Chifunde, n'kukatulukira ku Chanida ndi ku Katete. Katundu akalemera, msewu n'kukhala wa maenjemaenje, choyamba kugonja ndi masipuling'i a kunsi kwa lole. Makaniko amamasula chothyokacho n'kuchiponya pambali, koma sichigona pamsewu masiku ambiri. Alipo anthu amene amadziwa kufunika kwake kuposa mwini lole, ndipo anthuwo ndi amisiri osula.

Chidutswa chimodzi cha sipuling'i chimabala nkhwangwa, kasemasema, chikwanje ndi mipeni ingapo. Yambiri mwa mipeniyo ndi ya pakhomo: yosendera mbuzi, yodulira fodya, yotumbulira nkhuku. Koma ulipo mtundu wina umene akuluakulu amauzindikira akangouona, mpeni wosongoka ngati tsamba la nsungwi, wakuthwa konsekonse, umene sayenda nawo uli pamtunda koma uli m'chimake. Kunja kwa Africa kuli anthu amene amatolera mipeni ya mtundu wotere, kuitcha ya nkhondo, kuigula ndi madola, n'kumatsutsana za utali wake ndi kulemera kwa chigumbu chake. Funso loti Achewa anali nawo mpeni wa nkhondo kapena ayi lili ndi yankho lokhumudwitsa kwa anthu otere. Mpeni unkapita kunkhondo ndithu, koma unkapita chifukwa mwini wake ankapita nawo paliponse. Luso lenileni la mmisiri wa kuno silinali kupanga chida choopsa. Linali kudziwa chimene chitsulo chake chingathe ndi chimene sichingathe, n'kuchipatsa maonekedwe oyenera mphamvu zakezo. Chitsulo chitasintha, mpeni nawo unasintha.

Chifunde ndi malo abwino oyambira nkhani imeneyi pa chifukwa chimene ambiri a m'bomali sanachimvepo. Kumpoto kwa bomali, kufupi ndi malire a Zambia, kuli phiri la Chifumbazi, lodziwika ndi migodi yakale ya golide ndi zithunzi zojambulidwa pathanthwe. Mu 1907 Mjeremani wina, Carl Wiese, amene anakhalapo kwa Mpezeni akugula minyanga ndi kufunafuna golide, anakumba pansi pa thanthwelo n'kupeza mapale a miphika yakalekale. Patapita zaka zambiri katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anatenga dzina la phirili n'kulipereka ku chikhalidwe chonse cha anthu oyamba kulima ndi kuyenga chitsulo kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuyambira kunyanja ya Victoria mpaka ku KwaZulu-Natal. Wophunzira aliyense wa mbiri yakale ya Africa, kaya ali ku Cape Town kaya ku London, amakumana ndi dzina la Chifumbaze m'mabuku ake. Mwana wa sukulu wa ku Mualadzi, m'boma lomweli la Chifunde, amangolidziwa ngati phiri.

Dziko lomweli ndilo linali pakati pa ufumu wa Undi, mmodzi mwa mafumu a Amaravi. Atapatukana ndi Kalonga, Undi anakakhazikitsa likulu lake ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, ndipo mpando wake unakhala kumeneko mpaka m'zaka za m'ma 1930 pamene unasamukira kutsidya, kumene lero kuli Mkaika m'boma la Katete. Chuma cha Amaravi amenewa anthu amakonda kuchitchula kuti minyanga ndi golide, koma Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena ankafunanso kwambiri makasu awo ndi nsalu zawo za thonje. Khasu la Amaravi linkayenda ngati ndalama m'chigwa cha Zambezi. Mu 1831 msilikali wa Chipwitikizi, António Gamitto, ananyamuka ku Tete pamodzi ndi Major José Monteiro pa ulendo wa kwa Kazembe, n'kudutsa m'midzi ya Amaravi ndi Achewa. M'buku lake la O Muata Cazembe, lotuluka mu 1854, anafotokoza za amisiri amene ankasula makasu, nkhwangwa, mivi ndi mipeni ndi zipangizo zochepa zedi, mwala ndi mvukuto wa chikopa. Atsamunda anadzapereka dzina la Gamitto ku Mualadzi, n'kumaitcha Vila Gamito. David Livingstone nayenso anachita chidwi ndi chitsulo cha m'chigwa cha Zambezi: anatengera makasu ku Britain, ndipo mnzake wina wa ku Birmingham anasula nawo mfuti ya mtundu wa Enfield.

Kuti timvetse mpeni wakale tiyenera kuyamba taima pang'anjo. Kayengedwe ka Achewa kanalembedwa bwino kwambiri ku Kasungu, kumene ng'anjo zina zikadaimabe m'nkhalango yotetezedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nicholas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha madoda a kwa Chulu, amene anaona ntchitoyi ali anyamata, kuti aiyambirenso pamaso pawo, ndipo David Killick anadzafufuzanso mozama za ng'anjo za m'dera lomwelo. Ng'anjo yaikulu inkaumbidwa ndi dothi la pachulu, yotalika kuposa munthu, ndipo inalibe mvukuto. Inkadzikokera yokha mpweya kudzera m'mipope yadothi yozungulira kunsi kwake. Ankathiramo makala ndi miyala ya chitsulo mosinthanasinthana, moto n'kuyaka usana ndi usiku. Zotulukamo ankazibwerezanso m'kang'anjo kakang'ono kovukutira. Onse ogwira ntchitoyi ankasala kugona ndi akazi awo, ndipo ng'anjo ikakanika, mlandu unkayamba wafunidwa kunyumba usanafunidwe pa makala.

Chofunika kudziwa n'chakuti chitsulocho sichinkasungunuka. Kuti chitsulo chiyende ngati madzi pamafunika kutentha kwa madigiri 1,538, pamene ng'anjo yamakala inkafika cha m'ma 1,200. Chimene mmisiri ankatulutsa chinali chibuluma cha chitsulo chobookabooka, chosakanikirana ndi zinyalala za mwala ndi makala, choyenera kuchiwotchanso ndi kuchisula kambirimbiri mpaka zinyalalazo zitafinyikamo. Kaboni, chimene chimaumitsa chitsulo, ankalowamo mosalingana: mbali ina youma, mbali ina yofewa. Akatswiri amene anapima zida zakale za kum'mwera kwa Africa anapeza kuti amisiri ambiri sankaumitsa chitsulo pochiviika m'madzi chili chofiira. Ankachiumitsa pochimenya ndi nyundo chitazizira. Mpeni wotere unali wofewerapo. Unkabuntha msanga, unkanoleka msanga, ndipo ukakumana ndi fupa unkapindika m'malo mothyoka. Mwini wake ankangouwongola pamwala n'kupitiriza ntchito.

Maonekedwe a mpeni wakale anachokera pa kufewa kumeneku. Chitsulo chofewa ukachisula chopyapyala ndi chachitali chimagwedera, choncho mmisiri ankasiya msana wokhuthala pakati, n'kupsapsalitsa mbali ziwirizo. Msana ukakhala pakati, mbali zonse ziwiri zimathwa, nsonga n'kukhala pamzere umodzi ndi chigumbu. Ndi kapangidwe komweko ka mkondo ndi muvi, ndipo n'zosadabwitsa, poti ndi dzanja limodzi linkasula zonsezi. Amene amaona mpeni wakuthwa konsekonse n'kuganiza kuti unapangidwira kubaya munthu basi amaiwala kuti mlenje nayenso amaufuna wotero: mbali imodzi ikabuntha pakati pa kusenda nyama, amangotembenuza.

Pankhondo penipeni Achewa ankadalira uta. Muvi wopaka ulembe wa kombe unkapha munthu ngakhale utangomukanda. Kombe yemweyu ndi amene John Kirk, dokotala wa paulendo wa Livingstone, anatumiza ku Britain kuchokera kuchigwa cha Shire, ndipo ku Edinburgh Thomas Fraser anatulutsamo mankhwala a mtima. Pambuyo pa uta pankabwera mkondo ndi nkhwangwa. Mpeni unali womalizira, wa pamene zonse zatha ndipo anthu agwirana. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu Novembala 1835, anabwera ndi kamenyedwe kena, kothamangira mdani ndi chishango chachikopa, chibonga ndi nthungo yaifupi yobayira pafupi. Ngati tikufuna chida chimene chinapangidwiradi kumenyana maso ndi maso m'dera lino, ndi nthungo imeneyo. Kum'mwera nako kunali Achikunda ndi a banja la Pereira a ku Makanga, amene mphamvu yawo inali mfuti za gogodera. Pakati pa nthungo ndi mfuti, mpeni sunasinthe nkhondo iliyonse.

Pamene mpeni unalemekezeka ndi pa ulemu wa mwini wake. Kutsidya kwa Zambezi, Ashona ali ndi bakatwa, mpeni wakuthwa konsekonse wa m'chimake cha mtengo chokulungidwa ndi waya wamkuwa wolukidwa mwaluso. Nkhope ya chitsulo chake ankaigawa pawiri, theka lodetsedwa ndi theka lowala. Bakatwa amasiyirana m'banja ndipo amatuluka pa miyambo ya mizimu. Mipeni ya m'chimake cha mtengo ndi waya inkapezeka mbali zonse za chigwa cha Zambezi, chifukwa wayayo ankayenda ndi amalonda omwewo ogula minyanga. Chimake ankachisema mapande awiri a mtengo, kuwagoba m'kati molingana ndi mpeniwo, kuwaphatikiza, n'kumanga. Kunja ankasiya kabowo kopisamo lamba. Ntchito ya chimake chabwino inkatha masiku ochuluka kuposa ya mpeni weniweniwo.

Ng'anjo zinazima pang'onopang'ono. Nkhondo za Angoni ndi za ukapolo zinabalalitsa midzi, makasu a ku fakitale anadzaza m'masitolo, amuna anapita ku thangata la Apwitikizi kapena kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo pofika cha m'ma 1930 kuyenga kunali kutatha pafupifupi paliponse. Koma chipala sichinafe. Wosula anangosintha kumene amatenga chitsulo: mikombero ya migolo, zidutswa za njanji, mapulawo otha, ndipo pamapeto pake sipuling'i ya galimoto.

Apa ndi pamene luso latsopano linabadwa, ndipo ndi luso limene anthu saliyamikira mokwanira chifukwa limachitikira pansi pa mtengo, pambali pa msika. Chitsulo cha sipuling'i chili ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, wofalikira molingana. Chimenechi chimauma ukachiviika, ndipo chimathyoka ukachiumitsa mopyola. Agogo ake a mmisiri wa lero sanalimbanepo ndi vuto lotere. Iye analiphunzira yekha, poona zida zake zikusweka.

Chipala chake n'chosavuta kuchifotokoza. Pansi pali dzenje la makala, ndipo makalawo amasankha a mitengo yolimba monga muwanga kapena tsanya, chifukwa a mitengo yofewa amatha moto usanakhwime. Mpweya umachokera ku mvukuto wa chikopa cha mbuzi, kapena, kwa ambiri masiku ano, ku chopemerera chozunguzidwa ndi gudumu la njinga, chimene amapukusa mwana wophunzira ntchito. Posulira ndi chidutswa cha njanji kapena chitsulo cholemera cha injini yakufa. Pali nyundo ziwiri, mbaniro, chodulira ndi tupa. Amayamba wawongola sipuling'iyo, poti imabwera yokhota, n'kudula chidutswa. Nsonga amaisula choyamba. Kenako amakoka mchira umene udzalowe m'chigumbu, n'kuyamba kupsapsalitsa mbali yakuthwa. Pano pali kanthu kamene wongoonerera sangakadziwe. Ukamenya mbali imodzi yokha, chitsulo chimatambasuka mbali imeneyo, mpeni n'kukhotera kumsana. Wosula mpeni wa mbali imodzi amayamba waukhotetsera kutsogolo kuti pomaliza uwongoke. Wosula wakuthwa konsekonse ayenera kumenya nkhope zinayi mofanana, kuwerenga nyundo zake mumtima, apo ayi msana uthawa pakati. N'chifukwa chake mpeni wa mtundu umenewu ndiwo umaonetsa mmisiri weniweni. Ukauyang'ana kuchokera kunsonga, mzere wa pakati ukhale wowongoka mpaka kuchigumbu.

Kuumitsa ndiye pachimake pa ntchito yonse. Mabuku amati chitsulo chotere chifike madigiri oposa pang'ono 800, ndipo amalangiza kuyesa ndi maginito, chifukwa chikadutsa madigiri 770 maginito sachigwiranso. Mmisiri wa kumudzi amayesa ndi diso, ndipo amakonda kuchita zimenezi pamthunzi kapena dzuwa litapendeka, poti padzuwa lowala chitsulo chimaoneka chozizira pamene chapsa kale. Akaviika m'madzi, chimauma kwambiri koma chikhoza kung'aluka pomwepo. Akaviika mu oyilo wakutha wa injini, chimazizira mofatsa. Ena amaviika kukamwa kokha, msana n'kuusiya wofewa kuti uzilandira nkhonya. Akatero amayesa ndi tupa: ikaterereka osaluma, chitsulo chagwira. Koma mpeni ukasiyidwa pamenepo uli ngati mbale yadothi, ukagwa pamwala uphwanyika. Amaupala kuti uwale, n'kuuyandikizanso kumoto pang'onopang'ono akuyang'ana mitundu ikuyenda pachitsulo. Mtundu wa udzu wouma umabwera cha pa madigiri 200 ndi kupitirira pang'ono, ndipo ndiwo woyenera mpeni. Ukapitirira umafiirira, kenako n'kubiriwira cha pa 300, umene uli woyenera chikwanje chomenya mitengo. Akachedwa kuchotsa, ntchito yonse yabwerera pambuyo. Amisiri ofulumira, osulira msika wa mawa, amadumpha gawo limeneli, ndipo mipeni yawo ndi imene imaipitsa mbiri ya anzawo.

Akale anati nkhwangwa siithwera pachipala. Kunola kwenikweni ndi kwa mwini wake, pamwala wa kumtsinje, ndipo wogula wanzeru sayang'ana kuthwa. Amagogoda mpeniwo kuti amve kulira kwake, amaupinda pang'ono kuti aone ngati ubwerera, ndipo amagwedeza chigumbu. Chigumbu ndi pamene mipeni yambiri ya kumudzi imafera. Njira yakale ndi yowotcha mchira n'kuulowetsa mumtengo kuti udzibowolere wokha malo. Ikachitika mosamala imagwira zaka, koma mchira ukapsa kwambiri umasiya makala m'kati, chigumbu n'kuyamba kugwedera mvula yoyamba. Amisiri osamala amaveka kachidutswa ka paipi kukhosi kuti mtengo usang'ambike, n'kupinda nsonga ya mchira kumapeto. Ena amasiya chitsulo chathunthu, n'kuchiphatika ndi mapande awiri a mtengo okhomedwa ndi misomali yodula. Mlombwa umasemeka bwino ndipo suchita chiswe. Phingo ndi wolemera ndi wokongola koma akusowa, monga mitengo ina yamtengo wapatali imene yakhala ikutuluka m'nkhalango za Tete pa malole a matabwa.

Mbadwo wa amisiri achikulire a ku Chifunde unakulira m'nkhondo ziwiri. Frelimo inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu Marichi 1968, ikulowera ku Zambia, ndipo maboma a m'malire ngati lino ndiwo anali njira. Ufulu wa 1975 utabwera, kunabuka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri atathawira ku Malawi ndi ku msasa wa Ukwimi ku Zambia. M'nkhondo imeneyi zitsulo zakuthwa zinachita zoopsa zimene opulumuka safuna kuzikamba, ndipo zambiri zinali zida za kumunda ndi mipeni ya kunsonga kwa mfuti. Ku Zambézia ndi ku Nampula kunadzukanso gulu la Naparama la Manuel António, limene linkalimbana ndi mfuti litanyamula mikondo ndi zikwanje, likukhulupirira mphini zake. Palibe wosula amene anafunika kupanga mtundu watsopano wa mpeni kuti zonsezi zitheke. Nkhondo itatha, mu 1995, bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zina mwa mfutizo anaziduladula n'kupanga ziboliboli, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti zotere uli ku British Museum. Za wosula wa kumudzi amene ankatola zitsulo za magalimoto owotchedwa n'kusula makasu a anthu obwerera kwawo, palibe nyumba yosungira zakale imene inazilabadira.

Lero mpeni umene apolisi a m'maiko a kuno amaulanda kawirikawiri m'matumba a anyamata si wa pachipala. Ndi Okapi, mpeni wopinda wa kamphete kumsana, umene unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902 kuti uzigulitsidwa m'maiko a atsamunda, ndipo kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Pa zikwanje, wosula akupikisana ndi za Tramontina za ku Brazil ndi zina zotchipa za ku China. Tramontina yomweyo inayamba mu 1911 ngati kachipala ka munthu mmodzi m'tauni ya Carlos Barbosa.

Ku Nepal, amisiri a mtundu wa Kami amasula kukri, mpeni wokhota wa asilikali a Gurkha, ndipo chitsulo chimene ambiri a iwo amagwiritsa ntchito ndi sipuling'i ya lole, chimodzimodzi ndi cha ku Chifunde. Kukri nayenso kwawo ndi wodulira nkhuni ndi wophera mbuzi. Anatchuka chifukwa anapita kunkhondo ndi asilikali otchuka, ndipo lero amagulitsidwa pa intaneti kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya. Kusiyana kwa mmisiri wa ku Nepal ndi wa ku Mualadzi sikuli pamoto. Kuli pa kumalizitsa: wa ku Nepal amapala chitsulo mpaka chiwale, amasema chigumbu cha nyanga, ndipo sapereka kukri wopanda chimake cha mtengo chokutidwa ndi chikopa. Wa kuno amasiya zipsera za nyundo, n'kukulunga chigumbu ndi mphira wa chubu cha njinga, osati chifukwa sangathe kuchita bwino, koma chifukwa wogula wake ndi mlimi wa fodya amene akuwerenga ma metical kapena makwacha a m'thumba, ndipo salipira kukongola.

Chimene chatayika kwenikweni, ndiye, ndi chimake. Kusula kulipo, kuumitsa kulipo ndipo kukuposa kwa makolo, koma kusema mapande awiri aja ndi kuluka waya ndi ntchito imene sikuonekanso m'misika. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, atanyamula mphatso za Kalonga Gawa Undi, ndipo a ku Chifunde ulendo wawo ndi waufupi, wongodutsa pa Cassacatiza. Kale zopereka kwa Undi zinkakhala minyanga, zikopa ndi zitsulo zosula. Mfumu imodzi itaitanitsa kwa wosula wa m'mudzi mwake mpeni wakuthwa konsekonse, wa chigumbu cha mlombwa ndi chimake cholukidwa waya, n'kumulipira masiku onse amene ntchitoyo ingamutengere, mmisiriyo angafunike kupita kwa nkhalamba kukafunsa kalukidwe kake, ndipo mwana wopukusa gudumu uja angaone ndi maso ake mmene amagobera m'kati mwa mtengo kuti mpeni ulowe osagwedera.